Msomali Wakhumi

Mchesi, Lilongwe
14 Ogasiti 1977

Wokondedwa mng'ono wanga Edwell,

Muli bwanji ku Nsanjeko, iwe ndi mlamu Marcelina ndi ana? Kuno tilipo. Mkazi wanga Zelifa akuti ndikuuze zonse, osabisa.

Tikukhoma masiling'i m'maofesi atsopano a boma ku Capital Hill, a ku Zomba asanafike ndi mafayilo awo. Pa akalipentala onse palibe wondiposa liwiro. Misomali khumi pakamwa, hamala kumanja, basi! Ndiye Lolemba lina, ndili pamakwerero nditangodzaza pakamwa, kapitawo wathu a Bonaventure anandiitana mwadzidzidzi. Ndinavomera. Polavulira m'manja ndinapeza isanu ndi inayi.

Masiku awiri sindinauze munthu. Ngakhale phala linkandibaya pachifuwa. Ndinkaopa mpeni, paja atate anapita atawang'amba pamimba. Zelifa ataona magazi m'malovu sanafunse zambiri, anangondikokera kuchipatala.

Anandijambula, ndipo pachithunzipo msomali unaoneka bwinobwino, utapingasa kunsi kwa mmero. Ndinauza adokotala kuti ngati n'kung'amba, bola ndikafere kumudzi. Anaseka, nati adzera pomwe unaloweramo. Anandigoneka ndi mankhwala, nalowetsa pakamwa kapaipi kokhala ndi getsi kunsonga, akusuzumiramo, mpaka anaugwira ndi kopanira kakang'ono n'kuutulutsa.

Edwell, ndilibe chipsera ngakhale chimodzi! Kuntchito ndimachita kuvula malaya kuti anzanga aone. Kuzula msomali osang'alula thabwa, imeneyo ndiye ntchito ya mmisiri. Ndipo zachitikira mu Lilongwe wathu wafumbi yemweyu, amene unkati sadzakhala likulu. Ndikunyada, sindikubisa.

Koma chondilembetsa kalatayi n'china. Ndikukuphunzitsa ntchito, unkasunga misomali m'thumba. Ine ndinakumenya khofi pamaso pa anthu, ndinati m'thumba amasungamo alesi. Kuyambira tsiku lomwelo umaiika pakamwa. Ndinalakwa, mng'ono wanga, undikhululukire. Kumene ukukhoma madengako, kapaipi kaja kali kutali. Ukadzameza, wakupha ndine.

Zelifa wakusokera kathumba ka m'chiuno, ndipo m'kati mwake muli msomali womwewo. Adokotala anandipatsa. Uukhome pamwamba pa benchi yako, uzikolekapo kathumbako ukaweruka.

Undiperekere moni kwa mlamu ndi ana. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Lawford

Dzulo ndinamaliza ofesi yathunthu, misomali ili m'thumba. Palibe amene anandiposa.