Jerome Abwere ku Chiliza cha Amayi

Salford
Juni, 2006

Okondedwa Ababa,

Landirani moni wa ine mwana wanu. Mukupeza bwanji ndi chisanu cha ku Dedza? Bondo lija lasiya kuvuta? Mankhwala opaka amene ndinapatsira a Thompson ndikhulupirira anakufikani, ndipo muzipaka ndithu, osangowasunga m'kabati.

Kuno tili bwino tonse. Amuna anga a Wilfred akadali pa ntchito yawo kuyunivesite, ine ndikadali ku wodi ya okalamba. Mdzukulu wanu Daphne watalika. Chichewa amamva chonse, koma poyankha ndi Chizungu chokhachokha.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni paja simunandilole kumaliza. Munangoti mlongo wanga Jerome asadzaponde pa mwambo wa chiliza cha amayi mu Seputembala, kenako munapereka foni kwa azakhali. Papepala simungandidule mawu. Valani magalasi, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Ndikudziwa kumene nkhaniyi inachokera. Asimenye, mtsikana uja azakhali ake amaimba nanu kwaya, amakhala ku Newcastle komwe kuli Jerome. Anapita kwa Jerome m'mawa wina kukatenga katundu, n'kuona kachifanizo ka munthu wa mutu wa galu, kandulo, buledi ndi madzi. Tsiku lomwelo anaimba foni kumudzi kuti mwana wa a Chisale walowa za satana.

Nanenso nditamva ndinachita mantha. Ndinapempha tchuthi, n'kukwera sitima ya ku Newcastle Lachisanu, Baibulo lili m'chikwama. Ndinapita ndili wokonzeka kukasesa chipinda chonsecho.

Kuti mumvetse, ndiyambire m'mbuyo pang'ono. Amayi atamwalira chaka cha dzana, pasipoti ya Jerome inali ku ofesi ya zamaviza, ndiye maliro anangowamvera pafoni. Inu munangodziwa kuti walephera kubwera. Ine ndinaona zimene zinatsatira. Anayamba kumwa, ntchito ankapita mwa apo ndi apo, makatani osatsegula. Ndikapita ndinkamupeza ali ndi malaya omwe aja ndinamusiya nawo. Mapemphero ndinamupempherera, kwa dokotala ndinamukokera, koma mlongo wanga ankangothabe ndikuona.

Ulendo uno anandichingamira pasiteshoni. Ababa, ndinamudutsa osamuzindikira. Masaya abwerera, ndevu zometa, nsapato zopolisha. Kunyumba kwake ndinapeza mosesa, ndiwo zili kale pamoto. Kuntchito kwake koyankha mafoni kuja anamukweza, tsopano akuyang'anira anzake.

Sindinadikire kudya. Ndinamuuza kuti andionetse zinthuzo. Ananditengera kuchipinda chaching'ono, mmene muli tebulo loyala nsalu yoyera, pamwamba pake kabati kakang'ono kotseka. Ndinati atsegule. Anakana mwaulemu, nati satsegula asanasambe, ndidikire m'mawa ndidzaone zonse ndi maso anga. Ndinakwiya, ndinamukumbutsa kuti wamkulu ndine. Anangoseka n'kundiikira chakudya.

Kutacha anandigogodera. Ndikuuzani zimene ndinaona, osawonjezera, osachotsera.

Anasamba, n'kutsuka m'kamwa ndi madzi osakaniza mchere ndi soda, soda yomwe ija amayi ankathira m'therere. Anavala malaya oyera ndi nsalu yoyera, kumapazi kulibe kanthu. Anayatsa kandulo, anafukiza lubani, kenako anatsegula kabati kaja. Kachifanizo kake n'kakuda, kutalika kwake sikaposa botolo la Fanta. Akuti dzina lake ndi Anubisi, amene Aigupto akale ankati amasamalira akufa ndi kuwaperekeza pa ulendo wawo.

Anathira madzi ozizira m'kambale. Anaika chibenthu cha buledi ndi kapu ya mkaka. Anagwada, manja atatukula, n'kunena mawu, ena m'Chizungu, ena m'chilankhulo chakalecho. Kenako anakhala chete kwa nthawi ndithu. Pomaliza anazimitsa kandulo, anatseka kabati, n'kutuluka chafutambuyo akusesa pamene anaponda. Buledi ndi mkaka uja anadya yekha ngati chakudya cha m'mawa. Akuti kwa iwo chopereka sichitayidwa.

Ndi zokhazo. Magazi panalibe, nyama panalibe, kukuwa kapena kugwa pansi kunalibe.

Ndinkaganiza kuti wamaliza, koma anapita pa kashelefu ka pawindo. Pamenepo pali chithunzi cha amayi chija atavala yunifolomu ya Mvano. Anachotsa madzi a dzulo m'tambula, anathira ena atsopano, n'kunena m'Chichewa momveka bwino kuti, "Elinati Nachisale, amayi anga, mwadzuka bwanji. Dzina lanu likadalipo."

Ababa, ine ndinakhala pansi pomwepo n'kulira. Chimwalirireni amayi ndinali ndisanamvepo munthu akutchula dzina lawo lonse. Tonse timangoti malemu.

Tsiku lonse Loweruka ndinamupanikiza ndi mafunso. Ndinamufunsa ngati anamulonjeza chuma. Anandilozera tikiti yake ya basi, nati satana ameneyo ndiye kuti ndi waumbombo zedi. Ndinafunsa amene amawatsogolera. Anati ndi gulu lochepa la anthu amene akutsitsimutsa chipembedzo cha Aigupto akale, amaphunzitsana pa intaneti, nthawi zina amakumana m'nyumba ya mayi wina ku Leeds. Palibe amene anamuuzapo kuti adane ndi abale ake kapena ndi tchalitchi.

Ndinafunsa chomwe chinamulowetsa. Anati zinayambira ku Manchester, pafupi ndi kuno kwathu, atabwera kudzationa nthawi ya mavuto ija. Tsiku lina mvula inamuthamangitsira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mmenemo anaona mwala wa pamanda wochokera ku Igupto, ndipo pambali anamasulira mawu ake. Anali mawu opempha aliyense wodutsa kuti atchule dzina la womwalirayo, amufunire buledi ndi madzi. Jerome akuti anatchula dzinalo motsitsa, dzina la munthu wosamudziwa amene anafa Yesu asanabadwe. Potuluka anazindikira kuti ngakhale manda a amayi sanawaone, chilipo chimene angawachitire m'mawa uliwonse.

Za mowa anandiuza kuti sangaime pa kabati kaja mutu uli ndi matsire. Poyamba ankasiya kumwa madzulo kuti m'mawa adzathe kusamba ndi kuyatsa kandulo. Mapeto ake anangoona kuti miyezi yadutsa. Akakhala chete paja akuti amadzifunsa ngati dzulo ananama, ngati anadyera wina masuku pamutu, ngati analiza munthu. Iwo amakhulupirira kuti munthu akafa mtima wake umaikidwa pasikelo pamodzi ndi nthenga, ndipo suyenera kulemera kuposa nthengayo.

Musaganize kuti wanditembenuza. Ndinamuuza m'maso muli gwa kuti ine ndine Mkhristu, ndipo lamulo loyamba ndimalidziwa monga munatiphunzitsira. Ndinamuuza kuti kachifanizo kaja sikamva. Iye anati sagwadira utomoni umene anakapangira, koma amene kakuimira. Tinatsutsana mpaka tiyi anazizira, ndipo palibe anagonja. Koma ndinkatsutsana ndi munthu wamoyo, woganiza, wonditchula kuti achemwali. Chaka chatha analibe mphamvu ngakhale yonditsutsa.

Tsopano ndifike pa za Lamulungu masana, chifukwa ndikudziwa kuti zikufikani zitapindika.

Titangodya kunamveka kugogoda. Anali a Dunstan, amene amatsogolera mapemphero a Amalawi ku Newcastle, ali ndi Asimenye ndi abambo ena awiri. Mmodzi ananyamula jumbo lakuda lija timatayiramo zinyalala. Atandiona anasangalala, nati Mulungu wanditumiza pa nthawi yake. A Dunstan ananena kuti anayankhula nanu pafoni ndipo munawaloleza kuchotsa zinthuzo n'kukazitentha.

Jerome anamva kuti chilolezo chachokera kwa inu. Anangotsamira khoma. Nkhope imene ndinaona inali ya masiku a makatani otseka aja.

Analowa kuchipinda kuja ine ndikadali kuganiza chochita. Asimenye sanayambire pa kabati. Anapita pawindo, anatenga chithunzi cha amayi, nati mizimu yoipa imabisala m'zinthu zotere. Jumbo linatsegulidwa.

Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji pamenepo. Ndinamulanda chithunzicho, n'kunena kuti, "Amayi anga salowa m'jumbo la zinyalala. Ngati mwabwera kudzapemphera, mipando ilipo, nyimbo ndiyambitsa ndine. Ngati mwabwera kudzanyamula katundu wa m'nyumba ya eni, khomo ndi ilo."

A Dunstan anati ndikutchinjiriza mdima. Ndinawafunsa kuti nthawi imene Jerome ankagona ndi botolo, ndani mwa iwo anakwera masitepe amenewa kudzamuona. Ndinafunsa mofatsa, chifukwa ndinkafunadi kudziwa. 

A Dunstan si munthu woipa. Anauza mnzawo kuti apinde jumbolo, n'kukakhala pampando. Jerome anakateleka tiyi. Ndinayambitsa nyimbo imene amayi ankaikonda, ndipo tinaimba tonse. A Dunstan anapemphera nthawi yaitali. Jerome anaweramitsa mutu mwaulemu, koma ameni sananene, ndipo sindikubisirani zimenezo.

Potuluka Asimenye anatsalira pakhomo. Anandigwira dzanja akulira, nati nayenso maliro a bambo ake sanapite chifukwa mapepala ake sanalongosoke mpaka lero, ndipo chithunzi chawo amachisunga pansi pa sutikesi poopa kuchiyang'ana. Musamusungire chakukhosi. Anachita mantha, monga inenso ndinachitira.

Ababa, pempho langa nali. Mulole Jerome abwere.

Ndamufunsa zonse zimene inu mukanamufunsa. Kachifanizo kadzatsala kuno. Kumanda sadzachita mwambo uliwonse wachilendo. M'tchalitchi adzalowa n'kukhala pa benchi limodzi nafe, koma mgonero sadzalandira, chifukwa akuti safuna kunamiza inu kapena abusa. Chimene akufuna n'kuona pamene amayi anagona, n'kugwira dothi lake.

Ndikudziwa chimene chikukuvutani. Ndinu mkulu wa mpingo, ndipo anthu adzayang'ana kuti muchita chiyani. Adzalankhula ndithu, sabata imodzi kapena ziwiri, kenako adzapeza nkhani ina. Koma mwana wamwamuna muli naye mmodzi. Ngati mukufuna kuti tsiku lina adzabwerere ku tchalitchi, simungamulalikire muli mkati iye ali kunja kwa mpanda. Mukhale naye pakhonde, mumufunse nokha, mutsutsane naye monga ndinachitira ine. Baibulo mumalidziwa kuposa ine.

Matikiti ndagula kale, anga, a Daphne ndi a Jerome. Tidzatera ku Lilongwe limodzi ndipo pakhomo tidzafika limodzi. Mukadzamubweza, ine ndidzapita naye kukagona ku resitihausi pa boma, ndipo chiliza mudzachionetse kwa anthu ana a Elinati onse awiri palibe. Sindikukuopsezani. Ndikungokuuzani msanga kuti musadzadzidzimuke.

Koma ine sindikuda nkhawa, chifukwa ndimakudziwani. Jerome atathawa kusukulu yogonera komweko ya Robert kuja munalumbira kuti simudzamuyang'ananso, koma m'mawa mwake munapalasa njinga mpaka ku Linthipe kukamutenga, chipewa chanu mutamuveka iye podutsa padzuwa. Mkwiyo wanu umakhala pakamwa basi.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa amalume a Kenani ndi banja lawo, ndiponso kwa onse a kwaya. A Wilfred akupereka moni wambiri, akuti tchuthi chawakanika koma mtima uli komweko. Jerome sakudziwa kuti ndalemba kalatayi. Nambala yake ndi yomwe ija, ndipo Lamulungu masana amakhala pakhomo.

Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mphamvu mpaka tidzaonane. Muuze azakhali akonze zipinda ziwiri.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Millicent