Tsitsi Limene Ndinakana Kumeta

Lolemba, 7 Epulo 2025

Viza yatuluka. Abusa a Sankhani andiimbira ndili pamjigo. Cambodia! Ndinagwada pamatope pomwepo, azimayi akundiyang'ana. Ambuye, ndakhala ndikulira kuti munditume, lero mwandituma. Ulendo koyambirira kwa Meyi.

Amayi ndawapeza akuthothola mtedza pakhonde. Nditawauza, iwo "Chabwino," basi. Maso awo pamutu panga, osati pankhope. Akhala choncho kuyambira Febuluwale, pamene thiraki yochokera kumalire inagunda achimwene a Masauko ndi njinga yawo ya makala. Tsiku lometa maliro onse anakhala pamphasa: amayi, alamu a Esinati, ana. Lumo litafika pa ine ndinaimirira. Ndinati ndine wobadwa mwatsopano, za akufa sindichita nawo. Ndinanena mokweza.

Tsitsi la amayi likumera, imvi zokhazokha.

Lachinayi, 10 Epulo

Ku boma kukafuna chikwama. Zatsopano zodula. Ndatenga chapakaunjika, zipi yovutavuta.

Pachitunda, njinga ya makala patsogolo panga, munthu akukankha. Malaya ofiira, phewa lakumanzere lotsika. Achimwene! Ndinathamanga mpaka kumupitirira. Bambo wina wa kwa Nthache. "Makala, achemwali?" Dzuwa lili paliwombo. Ndinadzudzula mzimu wa mantha m'dzina la Yesu.

Pobwerera ndawaonanso achimwene. Msana wokhawokha.

Lamulungu, 13 Epulo

Ndalalikira achinyamata. Moto unatsika, mawu amangobwera okha, atsikana ena kugwa pansi akulira. Ndimamukonda Yesu, izi zokha sindikayika.

Pondisanjika manja, abusa anagwira tsitsi lomweli. "Mlongo Rozina anakana lumo pamaso pa mudzi wonse. Asilikali otere ndiwo timatumiza kunja!" Mpingo wonse aleluya. Nditatsegula maso ndinaona duku lakuda la alamu a Esinati likutuluka pakhomo. Anabwera kudzandiperekeza m'pemphero, tchalitchi chisali chawo.

Lachisanu Loyera, 18 Epulo

Kusala kudya. Mutu waching'alang'ala.

Maphunziro a pafoni ndi mayi wina amene anatumikirako ku Cambodia. Atitumizira chithunzi cha maliro a kumeneko. Zovala zoyera. Mitu yometedwa, mpala ngati wa amayi. Iwo akuti, "Mukapeza zotere musathamangire kutsegula Baibulo. Vulani nsapato, khalani nawo pansi. Anthuwo akulira."

Ndinayankha Amen pamodzi ndi anzanga.

Ndiye kuti ndikawoloke nyanja kukakhala pansi ndi amayi a eni ake. Anga ndinawasiya pamphasa.

Ambuye, mukudziwa chimene abusa sakudziwa. Sabata ya maliro ija ndimayenera kukajambulitsa chithunzi cha viza. Lumo likubwera, m'mutu mwanga munali mizimu kapena chithunzicho? Ndafunsa tsiku lonse. Simukuyankha.

Lachiwiri, 22 Epulo

Ndawauza abusa zoti za lumo zija zikundivutitsa, koma theka lokha. "Mkazi wa Loti anachita chiyani?" Atero, nkundisisita paphewa.

Ndapita kwa alamu. Amasankha makala otsala a achimwene, oti akagulitse pamsewu. Ndafunsa ngati nkotheka kumeta panopa. Anaseka pang'ono, osati monyoza. "Mwambo uli ndi tsiku lake, alamu. Lathu tsitsi tinakwirira limodzi. Lanu mukakwirira ndi la ndani?"

Achimwene lero pachigayo. Satembenuka. Sanayambe atembenukapo. Ndimadziwa kuti akufa sayenda, ndaphunzitsapo ena zimenezi, ndi mavesi omwe. Komabe ndikuopa kukatsika ndege nkuwapeza patsogolo panga m'misewu ya kumeneko. Ndikuopanso kuti sadzabwera.

Ngati amayi sandidalitsa, ndipita ndi uthenga wanji?

Loweruka, 3 Meyi

Sindinalembe. Kulongedza, kutsanzika, chimfine. Mawa minibasi ya ku Blantyre.

M'mawa ndagula lezala pa okala. Ndayala mphasa kuseri kwa nyumba, ndavula duku, ndagwada. Ndaitana amayi nkuwapatsa ndi manja awiri. Ndati, amayi, ndinalakwa, ndimeteni. Za abusa ndidzaziona.

Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa nalo m'nyumba. Ndinamva akusuntha zinthu. Anatuluka ndi chipeso ndi ulusi.

Anandikhazika pakati pa miyendo yawo ngati ndili Sitandade 2, nkuyamba kundiluka. Kukoka kwake! Misozi mbwembwembwe. Madontho ena amagwera pakhosi panga, osakhala anga. Atafika pamzere womaliza anati:

"Lumo ndi la otsala. Iwe ukupita."

Anamanga ulusi, nkuudula ndi mano, nkubwerera ku mtedza wawo.

Kundikhululukira kumeneko, kapena kunditulutsa pakhomo? Mutu ukuwawa, khungu lonse lakokeka. Sindimasula. Ambuye, ngati mukunditumadi, ndiuzeni ndisanakwere.