Wina Akulowera Khomo Lolakwika

Lolemba, 8 Marichi 1999

Mvula usiku wonse. Msewu wa ku Kachulu phala lokhalokha. Mu ofesi fungo la matemba ndi dizilo.

Seva, kompyuta yaikulu yosunga ntchito zathu zonse, yayambanso misala yake. Rukia, mtsikana wathu wolemba ziwerengero za nsomba za padoko, wataipa m'mawa wonse. Poti atumize mu CVS, momwe timasungira mafayilo ndi kusintha kwake konse, yamuyankha kuti "Permission denied". Chilolezo palibe. Si koyamba. Ndabwezera umwini wa chikwatu cha mafayilo a nsomba ku gulu lathu, yalola.

A Gerishomo, mkulu wa pulojekiti, chiimire kumbuyo kwanga manja m'thumba: "Ana a masiku ano zala zawo n'zolemera." Ati zala! Munthu wosaka chilembo chimodzi pa kiyibodi ngati nkhuku yotola mpunga.

Lachitatu, 10 Marichi

Yakananso. Lero ndafufuza mofatsa ndipo ndachipeza.

Fayilo iliyonse ili ndi mwini wake ndi gulu lololedwa kulembamo. Dzulo chikwatu cha nsomba chinali cha gulu lathu, lero ndi cha ruti. Ruti ndi dzina lotsegula paliponse mu seva, ndipo pasiwedi yake mzungu amene anatiikira sevayi pochoka anasiyira a Gerishomo. Akalowa nalo n'kukoperamo malipoti awo, chilichonse chomwe akhudza chimasanduka cha ruti, enafe n'kutsekeredwa kunja.

Dzina lawolawo lilipo, ndinawapangira ndine. Salifuna. Ndinawamva akuuza Saulos, dalaivala: "Ine andiike gulu limodzi ndi ana?" Digiri ya kunja, nzeru za mlamba wouma.

Lachinayi, 11 Marichi

Jenereta yazima pakati pa ntchito, Saulos anaiwala dizilo. Loko, kafayilo koletsa ena kulemba wina akamalemba, yatsalira m'chikwatu, nayonso ya ruti. Rukia duu mpaka masana.

Miyezi yake yoyeserera ikutha pa 19. A Gerishomo ayamba kale nyimbo yoti kompyuta inkayenda bwino iye asanabwere. Inde, chifukwa panalibe woigwiritsa ntchito!

Rukia wandipeza pakhonde: "Achimwene, ndiye kuti ndikulakwitsa ndine?" Ndati ayi, mtima m'malo, ndiwauza. Mayi ake amaumitsa nsomba padoko, bambo kulibe, azing'ono ake onse amayang'ana iyeyo. Ndipo mtsikanayu amataipa bwino kuposa tonsefe.

Nsapato zanga zaboola pansi. Zidikire.

Lolemba, 15 Marichi

Msonkhano. Alendo awiri ochokera ku Zomba, mataye m'khosi, nkhani ya alawansi basi. Seva akuitcha "chimakina chija".

Mawu ndinawakonza ndili mu minibasi. Koma pagulu, alendo ali pompo, ungaloze chala munthu wamkulu? Ndazungulira monga tinaleredwera: "Bwana, zikuoneka ngati pali wina amene akulowera khomo lolakwika." Ndimati adzimva okha. Wamkulu sauzidwa, amangotola.

Agwedeza mutu pang'onopang'ono. "Mwamvatu nonse, katswiri wanena." Maso onse kwa Rukia. Iye maso kwa ine.

Ndimati ndiwapeza paokha msonkhano ukatha. Akwera galimoto ndi alendo awo, wa ku Songani kukamwa.

Lachisanu, 19 Marichi

Rukia sanamuwonjezere kontirakiti.

Masiku onsewa ndakhala ndikudikira mpata wabwino. Dzulo anali okwiya, dzana anali otanganidwa. Mpata wabwino, ha!

Rukia watsuka kapu yake, waibweza pashelefu. Sanalire. Potuluka wangoti, "Zikomo achimwene, munawauzadi." Bola akananditukwana.

Asanafike n'komwe pamsewu, a Gerishomo andiuza kuti ndifufute dzina lake mu seva, ndiikemo la mphwawo. Mpando usanazizire. Manyazi anthu awa anawasiya m'mimba mwa mayi awo. Nanga ine? Kunyoza m'kabukumu ndiye katswiri, pamaso pawo "inde bwana". Ndikudziipira.

Lachiwiri, 23 Marichi

Mphwawo dzulo wataipa tsamba limodzi tsiku lonse, watumiza, yamukana. Zomwezija. Amalume akewo akuti mwina mtsikana uja anasiyamo matenda. Sindinakonze.

Dzina la Rukia sindinafufute. Pasiwedi ya ruti ndaisintha m'mawa uno asanafike.

Kontirakiti yanganso amasaina ndi iwowo, ndipo mkazi wanga Agnesi kunyumba ndi woyembekezera. Ndikudziwa.

Ndikuwamva kuseriko akumenya kiyibodi ngati akukhoma msomali. Tsopano aitana: "A Dunstan! Tabwerani, makinawa akukana ine amene!" Onse alimo mu ofesi, ndi Saulos yemwe. Zili bwino, amve. Ndikupita kukawauza. Mawu oyamba ndi "Inuyo bwana", otsatirawo sindinawa—