Nsanja ya Amayi Ako Izungulire pa Mphambano

Mwana wanga Lanus,

Landira moni wa ine atate ako. Uli bwanji m'sitima yakoyo, m'nyanja zozizirazo? Chifuwa chija chinakusiya? Akukupatsa mpunga, kapena ndi buledi tsiku ndi tsiku ngati wodwala? Kuno tadzuka. Mawondo ndiwo akundikana, koma pakamwa ndili bwino, moti azakhali ako a Rinten, amene akundilemberawa, akuti ndifupikitse. Sindifupikitsa.

Wansembe wasankha tsiku. Amayi ako tiwafukula ndi kuwatentha Lachitatu loyamba la mwezi wamawa. Agona m'dothi mokwanira, akudikira moto kuti mzimu wawo umasuke. Nsanja yowanyamulira ikumangidwa kale kuseri kwa bwalo la msonkhano, nsungwi zake zokhwima bwino. Zonse zinali m'malo mwake, mpaka mkulu wako Gatra atalowetsapo mphuno.

Pamene unkachoka, hotela ija inali ikumanga mpanda. Tsopano mpandawo wameza njira ya kumanda, ndipo mphambano yathu ili mkati mwa geti lawo. Aikapo dziwe la nsomba zofiira pakati, nyale zagalasi m'mbali, maluwa osanunkhira. Tsiku la maliro amatitsegulira geti ngati akutichitira chifundo.

Alendo akewo ukanawaona! Amawoloka dziko lonse kudzagona padzuwa ngati nsomba zoyanika. Chakudya cham'mawa amadyera m'madzi, mbale ikuyandama, iwo akuitsatira ngati abakha. Chitsime chathu chaphwa, koma mayi wina amasamba m'beseni lodzaza maluwa, osati kuti ayere, koma kuti amujambule. Amuna awo amatsikira kunyanja ndi matabwa, kukwera funde, kugwa, kukweranso, tsiku lonse, n'kubwerako opanda ndi nsomba imodzi yomwe. Kuchita kutopa ngati agwira ntchito! Nsembe zathu za pakhomo amazijambula kaye, kenako n'kuzipondaponda pobwerera m'mbuyo kuti ajambule bwino.

Gatra kumeneko ndi munthu wamkulu. Akuti ndi woyang'anira za chikhalidwe. Ndinamufunsa ngati chikhalidwe chasanduka ng'ombe kuti chizifuna wochiweta. Sanaseke. Ntchito yake ndi kuveka alendo nsalu, kuwaika njere za mpunga pamphumi, ndi kuwauza kuti tsopano mitima yawo yayera.

Sabata yatha anabwera kunyumba ndi bwana wake, mzungu wamtali amene dzina lake limanditerera pa lilime. Anali atamanga nsalu m'chiuno ngati akuchokera kubafa. Anaika manja pamodzi, nkhope yachisoni, Gatra akumasulira. Akuti hotela yonse ikulira nafe. Akuti alendo amva za malirowa ndipo akhudzidwa kwambiri, moti awaikira mipando ndi maambulera pa udzu, ndi zakumwa zozizira. Onyamula nsanja nawonso apatsidwa madzi a m'botolo. Chopempha chinali chimodzi chokha, chaching'ono akuti: nsanja idutse pang'onopang'ono, molunjika, osathamanga, osazungulira pa mphambano. Akuti pamalopo mpopapatiza, nyale zingasweke, mlendo angavulale, ndiponso zithunzi sizituluka bwino chinthu chikamagwedezeka.

Mzunguyo sindinamuyankhe. Galu sumufunsa chifukwa chimene wakodzera pa kachisi. Ndinafunsa Gatra, amene anayamwa bere la mayi ameneyu, ngati waiwala chifukwa chimene timazungulitsira nsanja katatu pa mphambano. Anati sanaiwale, ndi zoti mzimu uchite chizungulire, usadziwe njira yobwerera kunyumba. Koma akuti, atate, zimenezo ndi zakale, wansembe akhoza kungowaza madzi pamalopo, basi zatha. Akuti theka la mudzi limadya kuchokera ku hotela, ndisamuchititse manyazi pamaso pa bwana wake.

Ndinamuuza kuti manyazi anawasiya kale kochapira zovala za alendo. Amayi ako anayenda njira imeneyo moyo wawo wonse, kupita kukatola ndere kunyanja, kubwera dengu lili pamutu. Mwala uliwonse akuudziwa. Ukawanyamula molunjika ngati akupita kumsika, tidzawapeza atafika kale kunyumba ife tisanabwereko. Adzakhala pakhomo la khitchini, osaoneka, osamveka, osapita kwa makolo, osabadwanso mwa mdzukulu aliyense. Ana adzayamba kudwala, ndipo sikudzakhala kulakwa kwawo. Munthu wotopa chonchija, ife n'kumutsekera pakati pa njira chifukwa cha nsomba zofiira?

Gatra anauza bwana wake kuti bambo avomera, angofuna nthawi. Ndinamva ndithu, chinenero chawocho sindichidziwa koma mano a mzunguyo anandiuza.

Nkhani ndinaitengera kumsonkhano wa amuna. Iwe, sindinaonepo anthu okonda kuyang'ana zala za kumapazi ngati tsiku limenelo. Suwendra, uja unkapita naye kokawedza, pano ndi mlonda wa pageti. Anati, agogo, mukunena zoona, koma zoona sizilowa mumphika. Wina anati mwina tingoigwedeza pang'ono nsanjayo, mzimu wa munthu wokalamba suchedwa kusokonezeka. Ndinamufunsa ngati iyeyo anawasokonezapo amayi ako ali moyo. Nkhalamba Kerug, mano awiri okha m'kamwa, anati bwanji tizungulitse alendowo, mwina angaiwale njira yobwerera kuno. Anthu anaseka mpaka misozi, kenako aliyense anakumbukira yunifolomu yake, msonkhano n'kutha.

Ndinapita kwa wansembe. Iwo anati ntchito yawo ndi kusankha tsiku ndi kudalitsa madzi. Nsanja sanyamula. Kuzungulira ndi nkhani ya mapewa.

Ndiye ndakulembera iwe, mwini mapewa.

Unanyamula nawo nsanja ya agogo ako, ukudziwa mmene zimakhalira. Amene ali pa ngodya yakutsogolo, dzanja lamanja, akakankhira mkati ndi mphamvu, ena onse amamutsatira, apo ayi nsanja iwagwera. Anyamata onyamula nsanja aja si oipa, ndi amantha chabe. Ng'oma zikatentha miyendo yawo idzakumbukira yokha. Akungosowa munthu mmodzi amene alibe baji ya hotela pachifuwa, woti mawa lake onse adzamuloze chala n'kunena kuti si ife bwana, ndi uja wa m'sitima, wapenga. Ngodya imeneyo ndi ya mwana wa malemu, palibe angakukanize. Gatra sakuifuna, iye adzakhala pa udzu ndi chokuzira mawu, akufotokozera alendo za amayi ake.

Ndikudziwa kuti akuluakulu a sitima sangakulole msanga. Ndikudziwa kuti ukachoka osaloledwa, malo ako adzapatsa wina, ndipo unavutika kuti uwapeze. Sindikunamiza kuti ndi chinthu chochepa. Ndikupempha ndithu. Bwera, mwana wanga. Udzazungulitse amayi ako katatu, mwamphamvu, mpaka asadziwe kumene kuli nyanja ndi kumene kuli phiri. Nyale zikasweka zisweke. Nsomba zikatuluka m'dziwe, Kerug adzaotcha.

Ukapanda kubwera sindidzakutemberera. Ndidzalowa ndekha pansi pa nsungwiyo, pa ngodya yomweyo, ndi mawondo angawa. Ndidzakankha mpaka pamene ndidzagwere. Zikatero uuze mkulu wako asachotse mipando, alendo ake adzaonera maliro awiri.

Azakhali ako akulira, akuti ndasokoneza pepala ndi mawu oipa. Akupereka moni, ndipo akuti ubweretse mankhwala opaka a nyamakazi aja. Undiperekere moni kwa msuweni wako Darma ngati mukadali sitima imodzi, umuuze kuti amayi ake ali bwino. Makolo akusunge pamadzi, milungu ikuwongolere njira, yako yokha ikhale yolunjika.

Ndine atate ako,
amene mudzi wonse umanditchula Pan Gatra, atate a Gatra, dzina limene masiku ano likundilemera.