Mashini a Amayi Awoloka Malire

Lolemba, 8 Novembala 1999

Wilbroad kwa Irene, 09:14
mayi Irene, ndi Wilbroad wa ku ofesi ya ziwerengero za malonda. ndaona pa boda kuti nsalu yanu imatuluka, mayunifolomu nkumalowa. ngati amasokedwa ku Mchinji, kusokako tikuwerenga ngati ntchito yogula ku Malawi. ndilembe chani?

Irene kwa Wilbroad, 09:31
timasokera konkuno ku Chipata bambo. ku Mchinji ndi mabatani chabe

Wilbroad kwa Irene, 09:33
ok. ndibwera Friday ndione pomwe mumasokera

Irene kwa Boaz, 09:40
mlamu ukafika kwanu ku Mchinji ndi vani yanga mpatse mkazi wako foniyo

Irene kwa Boaz, 12:05
Yosefina, kweza mashini a amayi abwere ndi Boaz lero. afunditse tenti pa boda. ndibweza Sunday

Yosefina pa foni ya Boaz, 12:19
achemwali chavuta nchani? malaya a ku Chipangali sindinamalize makolala

Irene, 12:22
wa boma akubwera. akalemba kuti Malawi masukulu andisiya, iwo akufuna made in zambia. ndikagwa ine iwenso wagwa

Yosefina, 12:30
mashiniwa amayi anasiyira ine. sanagonepo kunja kwa nyumba ino

Irene, 12:31
usandilalikire. kweza

Yosefina, 13:48
ndakweza. lamba ndi wotha, plz musaponde mwamphamvu

Lachisanu

Wilbroad kwa Irene, 15:02
zkmo ndi tiyi. mlongo wa amuna anu uja, Tereza, amasoka mowongoka ndithu. ndalemba kuti zonse nzopangidwa ku Zambia. ndiye ku Mchinji kulibe chowerenga?

Irene kwa Wilbroad, 15:04
ziro

Lamulungu

Yosefina, 17:26
achemwali Boaz wafika vani ilibe kanthu. mashini mulibe, nsalu mulibe

Yosefina, 18:10
mwina mwaiwala ndi za ku tchalitchi

Lachitatu

Yosefina, 07:02
(foni yalira, sinayankhidwe)

Yosefina, 07:05
ndakhala ndikusoka makolala ndi singano yamanja. zala zatupa. ndiyankheni

Irene, 11:47
mashiniwo Tereza wawazolowera. ndaonanso kuti kuwolotsa nsalu kunali kutaya petulo. makolalawo mpatse Boaz, Tereza amalizira kuno

Yosefina, 11:52
zaka zonsezi ana a ku Chipangali mpaka Kasenengwa avala zosoka ine. nanga anga adya chani?

Irene, 11:58
funsa boma. alemba kuti kumeneko sikusokedwa kanthu. ndikubwezere mashini usokere chani, poti sumasoka?

Yosefina, 12:03
ndimuuza wa bomayo zoona zake

Irene, 12:06
muuze. number ndikupatse? afunsa kuti mashini analowa bwanji mu Zambia atafunda tenti, ndipo ankayendetsa ndani. Boaz sadzagwiranso chiwongolero

Yosefina, 12:20
tinayamwa bere limodzi achemwali

Irene, 12:21
ine ndinayamba

Yosefina, 12:44
amayi akanakhala moyo

Irene, 12:45
akanakhala moyo akanakuuza kuti chobwereketsa sufunditsa tenti

Lachiwiri, 30 Novembala

Irene kwa Boaz, 10:12
mlamu mpatse mkazi wako foni

Irene, 10:13
Yose lamba uja waduka. umagula kuti?

Irene, 10:50
masukulu akufuna katundu Friday. siya mwano

Irene, 16:40
Yose?