Kandondocha ka m'foni ya achimwene

Jakarta,
Lamulungu

Okondedwa achemwali a Winarni,

Mtendere ukhale nanu nonse pakhomopo. Kaya mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga amayi, miyendo ija yaphwa kapena ikadali yotupa? Ndikawafunsa pafoni amangoti zili bwino, koma amayi ngakhale nsalu yawo itagwira moto anganenebe kuti zili bwino. Mundiuze inuyo.

Ine kuno ndilipo. Sindikudwala, ndikudya, kuntchito ndikupita. Mvula yavuta, madzi analowa m'kanjira kathu mpaka m'mawondo, nsapato zanga zakuofesi zikununkha mpaka lero. Eni nyumba akuti akonza denga mvula ikatha, monga ananenera chaka chatha. Ndangotchera beseni pakona.

Musadabwe kuti ndalemba papepala. Foni ndili nayoyi ndi ya kampani, ndipo nkhani iyi siyoti idutse mmenemo. Nkhaniyi ndi ya achimwene a Kuswanto ndi kabaza wawo. Ntchito ija iwathera mwezi uno usanathe, iwo sakudziwa, ndipo dzanja langa lilipo. Ndifotokoza kuyambira pachiyambi, mundipirire.

Paja mukudziwa kuti pulogalamu imene achimwene amalandirira makasitomala pafoni ndi ya kampani yathu. Pulogalamu yotere siyenda yokha. Imabwereka zidutswa zina zokonzeratu, zimene ife timati malaibulale, ina yojambulira mapu, ina yofunsira foni kuti ili pati. Laibulale ina imalowa limodzi ndi pulogalamu pomwe ikutsegulidwa, ina pulogalamuyo imachita kuiitana ntchito ili mkati. Koma ilipo ina imene imakankhidwiramo ndi dzanja lachilendo. Kandondocha kaja akabaza amakaikitsa kwa okonza mafoni kumsika ndi ka mtundu umenewu. Kakalowa kamakhala pakati. Pulogalamu ikafunsa kuti njinga ili pati, iko kamayankha kuti ili pasiteshoni ya sitima, chikhalirecho mwiniwake ali kwina.

Gulu lathu linapatsidwa ntchito yokagwira kameneka, ndipo tinalephera miyezi yambiri. Tinkakasaka ndi dzina, okapangawo n'kumangokasintha dzina. Lero takagwira, mawa kabwera kakudzitcha laibulale yabwinobwino. Abwana athu a Hendrawan ankalowa m'mawa nkhope ili gwa, n'kumafunsa ngati anatilemba ntchito yodya nthochi zokazinga.

Ndiye kumbukirani pa Idi paja ndili kumeneko, tsiku limene inu munali kukhitchini kukazinga tempe wa soya uja. Achimwene anandiitanira pakhonde n'kundipatsa foni yawo akumwetulira. Anati iwe wasukuluwe, taona zimene akuchita anyamata apamsika opanda digiri. Anandionetsa kanjinga kawo pamapu kataima pamzere kusiteshoni, eni ake ali phee pampando atamanga nsalu m'chiuno. Anati masiku amene amayi akutsukidwa magazi kuchipatala, iwo amakhala pambali pawo n'kumawasisita miyendo, uku malo awo pamzere akusendera. Foni ikalira amathamanga, kukatula munthu, n'kubwerera amayi asanadzuke. Anati popanda kandondocha, tsiku lachipatala likanakhala tsiku logona ndi njala.

Foniyo ndinaigwira kanthawi kochepa chabe. Sindinakopemo kanthu, Mulungu ndi mboni. Ndinangosuzumira mkati mwachizolowezi, monga mumachitira inu mukakumana ndi munthu, moni usanathe mwagwira kale msoko wa diresi lake. Ndinaona kuti kanthuko kabisa bwino dzina, kabisanso kumene kakuchokera, koma palibe chosonyeza amene anakaitana. Ndinabweza foni, ndinaseka nawo, tinakadya.

M'sitima pobwerera mutu unayamba wokha kugwira ntchito. Laibulale iliyonse yolowa mwachilungamo ili ndi woibweretsa. Mwina ili m'gulu la zimene pulogalamu imafuna ikamadzuka, mwina pali penapake m'pulogalamu yathu pamene panaiitana. Ndiye bwanji osasiya kufunsa dzina, n'kumafunsa kuti wabwera ndi yani, monga amafunsira paukwati kuti ndinu akuchimuna kapena akuchikazi? Wosowa womuitana ndiye amene tikumufunayo. Sitima isanalowe mu Jakarta zonse zinali zitapsa kale m'mutu.

Ndinakhala nazo masiku angapo osauza munthu. Ndisanamizire wina, palibe anandiopseza kapena kundikakamiza. Tinali pamsonkhano, anzanga akungozungulira pamodzimodzi, yankho lili pakamwa panga. Inu mumandidziwa kuyambira ku pulayimale kuti dzanja langa limakwera lokha. Mumtima ndinkati adzangotseka kandondochako, anthuwo n'kuwasiya apitirize ntchito.

Zinatheka. Msamphawo unagwira tindondocha tonse timene tinayesera, ngakhale tosintha mayina. Togar, mnzanga wa desiki yoyandikana, yemwe amakonda kuyerekeza kalankhulidwe kathu ka ku Purwokerto, analengeza kuti mtsikana wakumudzi wagwira mfiti masanasana, aliyense ayambe kumupatsa moni ndi manja awiri. Anaitanitsa mpunga wachikasu wapachikondwerero woumbidwa ngati phiri, nsonga yake anandipatsa ine. Ndinadya wonse. Ndinganame ndikati ndikudziwa mmene unkakomera.

Sabata yatha ndi pomwe a Hendrawan anatiuza zimene akuluakulu agamula. Aliyense wopezeka ndi kandondocha amutsekera akaunti mpaka kalekale, popanda chenjezo, popanda apilo. Ndinafunsa ngati sizingatheke kuyamba tawachenjeza, makamaka amene agwira ntchito zaka zambiri osadandaulidwa. Anati chenjezo ndi sukulu yaulere kwa opanga tindondochato, ukawachenjeza lero mawa akudziwa pomwe wagwira. Anatinso ndiganizireko akabaza ena amene amaima padzuwa pasiteshoni tsiku lonse, n'kumadabwa kuti mzere sukuyenda bwanji. Apo sananame. Anthu amenewo alipo, ena achimwene amamwa nawo khofi.

Ndinafunsanso kuti nanga munthu atakachotsa yekha panopa. Abwana anafunsa ngati ndili ndi wanga kumeneko. Ndinati ayi. Achemwali, ndinati ayi, mawu osanjenjemera n'komwe. Iwo anati ndiye palibe vuto, chifukwa msampha wakhala ukugwira mwakachetechete kuyambira mwezi watha, ndipo wopezeka anaikidwa kale chizindikiro. Kuchotsa lero n'kungodzivutitsa. Mayina ali ku ofesi ina, ife sitiwaona, sitingawakhudze. Tsiku lenileni sanatiuze, anangoti mwezi uno. Madzi akatayika saoleka.

Dzana achimwene anandiimbira ali pasiteshoni, phokoso la njinga lili mbwee. Anali osangalala. Akuti kwamveka mphekesera yoti kampani ikufuna kusesa, anzawo ena ayamba kuonda ndi mantha, koma iwo awauza kuti agone tulo, tili ndi wathu mkati. Anandipatsira mnzawo wina pafoni kuti andimve mawu, iye n'kumanditchula kuti abwana. Ndinangoti eya, eya. Kenako ndinafunsa za amayi, ndinati ndili ndi msonkhano, ndinadula.

Ndinkayesa kuti ndikafika kunyumba ndilira. Palibe chinabwera. Ndinachapa, ndinasita, ndinataya madzi a m'beseni. M'mawa ndinapita kuntchito kukakonza timavuto totsala mumsampha womwewo, poti ndiyo ntchito ya sabata ino. Ndikudziona ndikuchita zinthu ngati ndikuonerera munthu wina. Mwina zidzandipeza m'tsogolo, panopa ndangoti zii.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Amalume a Darsim anati malo aja kushopu kwawo kowotcherera zitsulo awasungira achimwene mpaka kutha kwa mwezi, akapanda kubwera apatsa wina. Ndikudziwa zimene achimwene anayankha, kuti munthu wa ana awiri sangamatumidwe misomali ndi amalume ake, ndiponso kuti panjinga bwana ndi iwo eni. Chonde akakamizeni avomere. Inu amakumverani, ine amangondiona ngati kamwana kamene ankakaberekera kusukulu. Auzeni za msana wawo uja, auzeni za ngozi zapamsewu, liranipo ngati kungafunike, mumatha. Mupitenso nokha kwa amalume mukawapemphe kuti masiku achipatala aziwamasula m'mawa. Odwalawo ndi mlongo wawo, sangakane pamaso panu. Malipiro ake ndi ochepa, ndikudziwa, koma ndi ntchito yoti mwezi wamawa idzakhala ilipo.

Dzina langa lisatuluke. Musauze alamu, musauze amayi. Achimwene akadziwa, mtima wawo uja sangasunge, akachenjeza siteshoni yonse tsiku lomwelo, ndipo kuno sikudzavuta kudziwa kumene zachokera. Ndinasainira kuti za msamphawu sindidzauza munthu. Ntchito ingatithere tonse awiri.

Koma mukayesa zonse n'kukanika, amalume n'kutsala pang'ono kupereka malowo, basi apatseni kalatayi awerenge okha. Zotsatira zake ndidzaziona. Kuli bwino andide ali pantchito kusiyana n'kuti adzadzuke m'mawa wina, avale jekete, atulutse njinga, foni n'kuwakana, kenako aimbire ine kuti ndiwathandize.

Mupereke moni kwa amayi, muwapsompsone dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti ndikudya bwino. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, kwa ana anu, ndi kwa akazi a achimwene pamodzi ndi tiana tawo. Achimwene okha musawapatse moni wanga, angafunse kuti ndalemba zotani.

Ndine mng'ono wanu,
Hapsari