Mawu a Bambo M'gemu ya Eni

Lolemba, 3 Malichi

Kalata yafika. Maloya a kampani ya gemu ya pakompyuta ya ragibi ija, a ku Sydney. Masamba mbwee, nkhani imodzi: chotsani pa intaneti modi yanu, zosintha zimene munawonjezera m'gemu yathu, fufutani zonse, apo ayi tikaonana kukhoti. Akuti tawabera nzeru. Nzeru zake ziti? Gemu inatuluka osewera a Samoa onse nkhope imodzi, mayunifolomu olakwika, woulutsa mpira wawo akutchula mayina athu ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ine ndi mnzanga Dougal tinakonza zonsezo, ulere. Theka la Logan, dera limene ife a ku Samoa tadzazana kuno, linagula gemuyo chifukwa cha ife. Lero ndife mbava.

Basi inachedwanso. Mvula.

Lachitatu, 5 Malichi

Nkhope ndi mayunifolomu atenge, akaphike adye. Koma m'modimo muli mawu a Bambo.

Loweruka lililonse patebulo la kukhitchini, maikolofoni yobwereka kutchalitchi, iwo akuulutsa mpira m'Chisamoa. Kwathu ku Savai'i, ku Samoa, Bambo anali wolankhulira mafumu, ndiye mnyamata akagoletsa samangoti wagoletsa. Amayamba ndi mudzi wake, kenako mayina aulemu a mafumu a mudziwo, mwini chigoli pomaliza. Mpira umayambiranso iwo adakali pa mafumu. Anthu amakondera zomwezo.

Sitiroko inawagwira chaka chatha. Chitulukireni m'chipatala, liwu ngakhale limodzi. Zimene tinajambulazo ndi zokhazo zatsala. Ndiye kamunthu ka tayi kakuti fufutani!

Sindinawauze.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kwa Mayi Whitcombe, loya wothandiza ulere. Ofesi yonunkha khofi wozizira. Andifunsa ngati ndinawerenga malamulo ndisanadine "ndavomera" tsiku loika modi pamalo a kampani a pa intaneti. Ndani amawerenga zimenezo? Ngakhale amene anazilemba ndikukayika.

Akuti podinapo ndinawapatsa zonse zimene ndinapanga. Koma mawu si anga. Bambo sanadine kanthu. "Akanakhala ndi mphamvu pa mawuwo, sakanavutika kukuopsezani," anatero. Komabe tikapita kukhoti pa nkhani ya modi, tigwa. Anazinena akuyang'ana wotchi.

Ndagula pai wa nyama pa siteshoni. Mkati mozizira.

Lachisanu, 21 Malichi

Atiyimbira pa vidiyo. Mnyamata wa kampani, dzina Brent, udindo wake akuti "woona za ubale ndi osewera". Mano oyera, chipewa m'nyumba. Akuti ndi wokonda ntchito yathu kwambiri. Amaikonda mpaka kutitumizira maloya.

Nayi nkhani yake. Mlandu authetsa, bola Bambo asaine kuti mawu awo ndi a kampani. Adzawagulitsa ngati mbali ya gemu. Koma za midzi ndi mafumu adula, akuti "timawu toyambirira tija" timachedwetsa masewera. Timawu! Munthu wosadziwa dzina la agogo ake aamuna.

Tikakana, modi ichoke, ndipo aliyense woiikanso pa intaneti amulondola.

Dougal mutu gwede gwede ngati kagalu ka pulasitiki ka m'galimoto. Pomaliza Brent anamuuza kuti ali ndi malo a munthu waluso ngati iye. Ndinaona makutu ake akufiira. Chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina.

Loweruka, 22 Malichi

Dougal pa foni. "Aise, tangoganiza, mdala wathuyu amveka dziko lonse." Wathu? Ndinamuuza kuti akafuna kunyambita mabwana anyambite ndi lilime lake, osati la bambo anga. Wakwiya. Akwiye. Munthu uyu wadya talo, koko wa kwathu, m'nyumba muno mpaka Amayi ankamusungira mbale yake.

Ndaganiza. Modi ndichotsa, ife sitisaina. Mawu akhala muno, athunthu, mudzi uliwonse pamalo pake. Kuli bwino amveke m'chipinda chimodzi kusiyana ndi kuwagulitsa zidutswa ngati nyama ya pa butchala.

Mankhwala a Bambo atsala pang'ono. Ndikatenge Lolemba.

Lachinayi, 27 Malichi

Pa intaneti ankhondo ambirimbiri. "Musagonje, abale!" "Tili pambuyo panu!" Pambuyo penipeni, kutali. Wina wa ku Auckland akuti tipite mpaka kukhoti lalikulu, iye pa chithunzi chake waika mphaka. Ndapempha amene angandiperekeze kwa loya. Zii.

Brent watumiza pepala loti Bambo asaine, ndi kankhope komwetulira pansi pake. Ndasindikiza kuti Mayi Whitcombe alione. Sindikudziwa chifukwa chake sindinalitaye.

Madzulo Bambo anandilozera TV. Ndinawayatsira gemu, Samoa ndi Tonga, makompyuta okhaokha akusewera. Amamvetsera mawu awo maso ali tseke, milomo ikuyenda. Ndinapita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lamlungu, 6 Epulo

Dougal anabwera titaweruka kutchalitchi. Sanandipatse moni. Anakhala pansi pamkeka, kutsogolo kwa mpando wa Bambo, monga tinamuphunzitsira, n'kuwauza zonse. Ndikanamukoka kolala pakanapanda Amayi.

Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako dzanja lamanzere, lija limagwirabe, analitambasula. Amafuna pepala la Brent lija.

Ndinawawerengera m'Chisamoa, mzere ndi mzere. Pofika podula paja ndinachita kutsindika. Ndinati, "Bambo, midzi yonse achotsa. Mafumu onse. Mutsala mukungokuwa kuti wagoletsa, ngati munthu wamba wa kubala." Ndinabwereza, poganiza kuti sanamve. Anamva. Anagwedeza mutu kuvomera, nsagwada zili gwa, misozi ikutsikira mbali yakufa ija.

Ndinati tikhoza kusunga zonse muno, azimva tsiku lililonse. Anayang'ana chipinda, makoma, ife anthu atatu. Anagwira pakhosi pawo, n'kuloza pawindo, kunja.

Mwezi wathunthu ndakhala ndikuwalankhulira. Iwo, wolankhulira mafumu.

Brent ndi mbuzi, zimenezo sizisintha. Dougal sindimulankhula. Koma cholembera ndinakatenga ndine. Dzanja lamanzere silinazolowere, pepala limangoterereka pa bondo.

Ndinagwira pepalalo kuti lisasunthe, iwo asaine.